TULO TA M'CIPINDA CA OPALESHONI: KODI WOGONEKEDWA AMAUKANSO BWANJI?

Pa zitseko zonse za m'cipatala palibe cimene anthu a kumidzi aciopa kopambana citseko ca cipinda ca opaleshoni, cimene ambiri acicha kuti thiyeta. Wodwala akangolowetsedwa m'menemo pa kabedi ka mawiro, abale ace atsala panja ali cete, manja ali m'masaya, ndipo funso liri m'mitima yao ndi limodzi lokha: kodi akamgoneka adzaukanso?

Mantha amenewa si nkhani yaing'ono ai, pakuti alipo anthu amene ataya miyoyo kaamba ka iwo. Zicitika kawiri-kawiri kuti mai amene mwana wapingasa m'mimba, kapena bambo amene matumbo ace apotana, auzidwa ndi dotolo kuti afunika opaleshoni tsiku lomwelo. M'malo mobvomera, banja liyamba kutuma mau kumudzi kuti atsibweni, eni mbumba, abwere adzagamule. Ena amturutsa wodwalayo usiku mwakacetecete ndi kupita naye kwa sing'anga. Pamene abwerera naye pa ngolo ya ng'ombe patapita masiku awiri kapena atatu, magazi acepa, thupi lafookeratu, ndipo opaleshoni imene ikadakhala yapafupi yasanduka yoopsya. Munthuyo akamwalira, mbiri iwanda m'mudzi monse yakuti amupha ndi mankhwala ogonetsa, ndipo wodwala wotsatira aopa koposa woyamba uja.

Akulu-akulu anati safunsa anadya phula. Nkofunika tsono kuti banja liri lonse lidziwe mankhwala amenewa, kumene anacokera, m'mene agwirira nchito m'thupi, ndiponso mbali imene wodwala ndi abale ace ali nayo kuti zonse ziyende bwino.

KALE KUNALIBE

Zaka 200 zapitazo munthu wofunika kudulidwa mwendo, ngakhale ku maiko a Azungu, anali kumwetsedwa mowa waukali, kumangidwa ndi zingwe ndi kugwiridwa ndi amuna amphamvu, ndipo dotolo wochuka anali uja wodziwa kudula mofulumira. Ambiri anali kusankha imfa m'malo mwa ululu wotere.

Zinthu zinasintha pa 16 October, 1846, m'cipatala ca Massachusetts General mu mzinda wa Boston ku America. Dotolo wa mano, William Morton, anapumitsa wodwala nthunzi ya mankhwala ochedwa ether kufikira atagona, ndipo dotolo John Collins Warren anacotsa cotupa pakhosi pa munthuyo anthu ambiri akuonerera. Mbiri inafika ku Ulaya m'miyezi yowerengeka cabe. Kufikira lero, pa 16 October caka ciri conse, anchito a zaumoyo m'maiko ambiri akumbukira tsiku limeneli.

M'caka ca 1847 dotolo James Young Simpson wa ku Edinburgh ku Scotland anayamba kupatsa azimai obereka mankhwala ena ochedwa chloroform. Panali anthu otsutsa, koma kutsutsako kunacepa pamene Mfumukazi Victoria inalandira mankhwala omwewo mu 1853 pobereka mwana wace wacisanu ndi citatu. David Livingstone, amene anamwalira kwa Chitambo m'dziko lino mu 1873, anawadziwa mankhwalawa pokhala nayenso dotolo. Polemba za mkango umene unamgwira paphewa mu 1844, anafanizira dzanzi limene linamgwira pa nthawiyo ndi limene odwala opatsidwa chloroform alisimba.

Mankhwala awiri oyambawa anali ndi zobvuta zace. Ether imayaka moto msanga ndipo imasanzitsa kwambiri, pamene chloroform inali kuimitsa mtima wa anthu ena mwadzidzidzi. Ncifukwa cace akatswiri sanaleke kufuna-funa mankhwala abwino koposa, ndipo amene ali m'zipatala lero ndi zipatso za nchito ya zaka zoposa 170.

NJIRA ZITATU

Anthu ambiri aganiza kuti opaleshoni iri yonse ifuna kugoneka munthu. Izi si zoona. Pali njira zikulu-zikulu zitatu, ndipo wogonetsa odwala asankha imodzi molingana ndi nthenda, msinkhu ndi mphamvu za wodwalayo.

Njira yoyamba ndiyo kucititsa dzanzi pa malo amodzi okha. Dotolo alasa nyeleti pafupi ndi bala, ndipo mankhwala atseka njira imene mitsempha itumizira uthenga wa ululu ku bongo. Munthu amva kuti akumkhudza, koma samva kuwawa. Njira imeneyi ndiyo igwiritsidwa nchito posoka mabala, pozula dzino, pa mdulidwe wa amuna ndiponso pocotsa ng'ala m'maso mwa okalamba. Anaiyamba ndi dotolo Carl Koller wa ku Vienna mu 1884, pamene anadonthezera mankhwala m'diso nalicita opaleshoni mwini diso ali maso. Masiku ano mankhwala odziwika kwambiri pa nchitoyi ndi lignocaine, amene anapangidwa ku Sweden mu 1943.

Njira yaciwiri ndiyo nyeleti ya pamsana, imene icititsa dzanzi thupi lonse kuyambira m'mimba kufikira ku zala za kumapazi. Njira yacitatu ndiyo kugoneka munthu tulo tofa nato, kotero kuti sadziwa kanthu kufikira opaleshoni itatha.

NYELETI YA PAMSANA

Azimai ambiri amene abereka mwa opaleshoni aidziwa bwino nyeleti imeneyi, ndipo pali nkhani zambiri zimene zikambidwa za iyo pa mtondo ndi pa citsime. Coona cace ndi ici. Wodwala akhazikidwa pa bedi atawerama ngati munthu wosenda nshawa, kuti mafupa a msana atalikirane. Pakhungu apukuta ndi mankhwala opha tizirombo, kenaka nyeleti yoonda kwambiri ilowetsedwa m'munsi mwa msana, pakati pa mafupa awiri, pansi pa malo amene cingwe cacikulu ca mitsempha cithera. Pamenepo pali madzi oyera amene azungulira mitsempha. M'madzi amenewo athiramo mankhwala ochedwa bupivacaine, ndipo muyeso wace sudzaza ngakhale kasupuni ka tiyi.

Pakapita mphindi zisanu kapena khumi, miyendo iyamba kufunda, ilemera, kenaka ikana kunyamuka. Dotolo sayamba kudula asanayese ngati dzanzi lakwana. Mai akhala ali maso, nsaru itacinga pacifuwa kuti asaone bala. Amva kukoka ndi kukankha, koma ululu saumva, ndipo amva kulira koyamba kwa mwana wace ndi makutu ace. Dzanzi litha lokha pakapita maola awiri kapena atatu, ndipo miyendo iyambanso kuyenda monga kale.

Njira imeneyi anaiyamba ndi dotolo August Bier wa ku Germany mu 1898. Iye ndi womthandiza wace anayesana okha-okha, ndipo onse awiri anadwala mutu kwa masiku angapo. Mutu wotere ukali kugwira odwala ena ngakhale lero, koma ndi owerengeka, cifukwa nyeleti za masiku ano nzoonda kwambiri. Udziwika ndi ici: ukula munthu akakhala tsonga kapena akaimirira, ndipo ucepa akagona pansi. Woumva ayenera kuuza anamwino, pakuti cithandizo cace ciripo.

Nkhani yakuti nyeleti ya pamsana isiya msana wowawa moyo wonse, kapena kuti imaletsa mai kuberekanso, iribe umboni. Pa malo olasidwapo pangawawe kwa masiku ocepa, koma msana wa azimai ambiri uwawa kaamba ka mimba yeni-yeniyo ndi nchito zolemetsa monga kusenza nkhuni ndi madzi, kulima ndi kubereka mwana kumbuyo. Kupuwala kaamba ka nyeleti imeneyi ndi cinthu cosowa kwambiri. Cimene wogonetsa ayang'anira kweni-kweni ndi kuthamanga kwa magazi, pakuti nyeletiyi ikutsitsa. Ncifukwa cace mai aikidwa diripi pa mkono, bedi lipendeketsedwa pang'ono kumanzere kuti mimba isapsinje mitsempha ikulu-ikulu ya magazi, ndipo mankhwala onga ephedrine akhala ali okonzeka pafupi. Madotolo akonda njira imeneyi pa azimai apakati cifukwa mai apuma yekha, ndipo mankhwala ofika kwa mwana ndi ocepa.

TULO TOFA NATO

Opaleshoni ya cithokomiro pakhosi, ya m'cifuwa, ya matumbo opotana, ndiponso ya ana ang'ono amene sangathe kukhala cete, ifuna kuti munthu agonekedwe. Pa nchito imeneyi sagwiritsa mankhwala a mtundu umodzi ai, koma angapo, ndipo uli wonse uli ndi nchito yace, monga momwe pomanga nyumba wina adula mitengo, wina aponda dothi, wina afolera.

Oyamba ndi oyambitsa tulo. Wodwala ayamba wapuma mpweya wa okosijeni m'kacibekete kofewa koikidwa pamphuno ndi pakamwa, kenaka mankhwala alowetsedwa m'diripi. Odziwika kwambiri lero ndi propofol, amene aoneka oyera ngati mkaka ndipo anayamba kugwiritsidwa nchito ku Britain mu 1986. Alipo ena akale ochedwa thiopentone, amene anayamba mu 1934. Mankhwala amenewa ayenda ndi magazi kufika ku bongo, ndipo mphindi imodzi isanathe munthu wagona.

Palinso ketamine, amene anapangidwa ku America mu 1962. Awa ndi bwenzi lalikulu la zipatala za kumidzi mu Africa monse, cifukwa nthawi zambiri wodwala apitiriza kupuma yekha ndipo kuthamanga kwa magazi sikutsika. Ndi othandiza kwambiri pa munthu amene wataya magazi oculuka, monga wobvulala pa ngozi ya pamseu, ndiponso potsuka mabala a mwana wakupsa ndi moto. Bvuto lace ndi lakuti pouka munthu alota maloto acilendo, nthawi zina alankhula zosamveka, alira kapena aimba. Abale asaganize kuti wapenga kapena walodzedwa. Zimenezi zitha zokha m'maola ocepa, maka-maka wodwala akasiyidwa pa malo acete.

Aciwiri ndi osunga tulo. Mankhwala a m'diripi aja satenga nthawi m'bongo, kotero kuti tulo tipitirire wodwala apuma nthunzi ya mankhwala ena yosakaniza ndi okosijeni kucokera m'makina. Kuyambira mu 1956 mankhwala ochedwa halothane anagwira nchito imeneyi kwa zaka zambiri, koma tsopano akusiyidwa, ndipo m'malo mwace mukulowa isoflurane ndi sevoflurane. Ubwino wa nthunzi ndi wakuti ituruka m'thupi kudzera m'mapapo momwe inalowera. Wogonetsa akatseka makina, mpweya uli wonse umene wodwala apumira kunja ucotsako mankhwala, ndipo pakapita mphindi zowerengeka munthu ayamba kutsegula maso. Apa ndi pamene pagona yankho la funso lija: wogonekedwa auka cifukwa mankhwala amene amgoneka aleka kuperekedwa, ndipo otsala m'thupi aturuka kapena aphwanyidwa ndi ciwindi.

Acitatu ndi ofewetsa minofu. Dotolo sangathe kugwira nchito m'mimba ngati minofu iri gwa. Mbiri ya mankhwala awa idzakondweretsa alenje. Monga momwe makolo a kuno anali kupaka ulembe ku mibvi, anthu a m'nkhalango za ku South America anali kupaka ulembe wao wochedwa curare, umene unali kulefula nyama kuti isathe kuthawa kapena kupuma. Mu January 1942 madotolo awiri a ku Montreal ku Canada, Harold Griffith ndi Enid Johnson, anapatsa wodwala muyeso wocepa wa ulembe umenewu wosungunulidwa bwino, ndipo minofu inafewa popanda coipa. Lero alipo mankhwala ambiri a mtundu umenewu. Suxamethonium agwira mphindi imodzi isanathe ndipo atha mphamvu pakapita mphindi zisanu kapena kuposerapo pang'ono. Ena atenga nthawi yaitali, ndipo pomaliza wogonetsa apereka neostigmine kuti mphamvu ya minofu ibwerere. Popeza munthu wopatsidwa mankhwala otere sangapume yekha, kapaipi kofewa kalowetsedwa pakhosi pace ali m'tulo, ndipo makina kapena dzanja la wogonetsa lofinya thumba la mpweya limpumira kufikira atayambanso yekha.

Acinai ndi oletsa ululu, monga morphine, amene acokera ku comera cochedwa poppy, pethidine, fentanyl, ndiponso paracetamol amene anthu amdziwa ndi dzina lakuti panado. Anthu ena akana mankhwala amphamvuwa poopa kuti adzawazolowera. Koma operekedwa ndi muyeso kwa masiku ocepa m'cipatala athandiza munthu kupuma mokoka, kukhosomola ndi kuyamba kuyenda msanga, ndipo izi zicinjiriza ku cibayo ndi kuundana kwa magazi m'miyendo.

Pambali pa awa pali ena othandizira. Mankhwala opha tizirombo aperekedwa dotolo asanadule khungu kuti bala lisacite mafinya. Atropine aumitsa malobvu ndi kufulumiza mtima ukayamba kugunda mocedwa. Oxytocin aperekedwa mwana akangobadwa kuti cibaliro cifinyike ndi magazi aleke kutayika. Adrenaline akhala wokonzeka nthawi zonse kaamba ka ngozi yadzidzidzi.

MLONDA WA KUMUTU

Pa opaleshoni anthu atama dotolo wogwira mpeni, koma aiwala munthu wina amene aima kumutu kwa wodwala kuyambira poyamba kufikira pomaliza. Ameneyu ndiye wogonetsa odwala. Nchito yace sithera pa kulasa nyeleti. Iye ndi mlonda wa mpweya, mtima ndi magazi a wodwala, ndipo saloledwa kucoka pa malo ace opaleshoni iri mkati. M'zipatala zambiri za m'maboma m'Zambia nchito imeneyi igwiridwa ndi ma clinical officer amene anaiphunzira mwapadera.

Cida cace cacikulu ndi kapani kakang'ono kowala kofiira kamene kapanidwa ku cala ca wodwala. Kapimidwe kameneka anakatulukira ndi katswiri wa ku Japan, Takuo Aoyagi, m'zaka za m'ma 1970. Kaonetsa kuculuka kwa okosijeni m'magazi ndipo kalira pa kugunda kuli konse kwa mtima. Munthu wabwino-bwino aonetsa nambala 95 kapena kuposa. Ikatsika pansi pa 90 wogonetsa adziwa kuti pali bvuto milomo ya wodwala isanasinthe mtundu. Ndico cifukwa cace anamwino auza azimai kucotsa utoto wa ku zikhadabo, pakuti usokoneza kapaniko.

Kuyambira mu 2008 Bungwe la Zaumoyo pa Dziko Lonse, la WHO, lilimbikitsa zipatala kutsata ndandanda ya mafunso katatu: wodwala asanagonekedwe, khungu lisanadulidwe, ndiponso wodwala asanaturutsidwe m'cipindamo. Wodwala afunsidwa dzina lace, nthenda yace ndi mbali ya thupi yofunika opaleshoni, ndipo pomaliza zitsulo ndi tinsaru topukutira magazi ziwerengedwa kuti pasatsale kanthu m'mimba. Wodwala asakwiye akafunsidwa dzina kawiri kapena katatu. Sikuti amuiwala ai, koma kuti mutu umodzi susenza denga.

CIFUKWA CACE ALETSA KUDYA

Lamulo limene libvuta kwambiri olindirira odwala ndi loletsa cakudya. Mai aona mwana wace akulira ndi njala m'mamawa, cifundo cimgwira, ampatsa phala mobisa, ndipo anamwino akafunsa akana. Cifundo cotere cingaphe mwana.

Munthu ali maso, cakudya cikasocera pakhosi, atsamwa ndi kukhosomola kufikira cituruke. Munthu wogonekedwa alibe mphamvu imeneyi. Ngati m'mimba muli cakudya, cingathe kukwera ndi kutsikira m'mapapo pamodzi ndi madzi owawasa a m'cifu, amene aocha mapapo. Dotolo Curtis Mendelson wa ku New York anafotokoza za ngozi imeneyi mu 1946 ataiona mwa azimai obereka.

Lamulo lodziwika ndi ili: cakudya ciri conse cilekedwe maola 6 opaleshoni isanacitike, ndipo ngati ndi nsima ya nyama kapena ndiwo za mafuta ambiri, maola 8. Phala, maheu, thobwa, munkoyo ndi tiyi wa mkaka ziwerengedwa monga cakudya, osati madzi. Khanda lileke kuyamwa maola 4 isanakwane nthawi. Madzi oyera okha aloledwa kufikira maola 2 isanakwane nthawi, koma cipatala ciri conse cipereka malangizo ace ndipo ndiwo oyenera kutsatidwa. Ngati wodwala wadya, abale anene poyera. Opaleshoni yosafulumira ingasunthidwe maola ocepa. Ikakhala yadzidzidzi, wogonetsa ali ndi njira yapadera yocinjiriza mapapo, koma aigwiritsa nchito bwino akadziwa coonadi.

KUNENA ZOONA

Opaleshoni isanacitike wogonetsa abwera kudzaona wodwala. Ampima pacifuwa, amuuza kuyasamula, ayang'ana mano, ndipo afunsa mafunso ambiri. Wamva m'mimba ndiye atsekula citseko: palibe wina angayankhe bwino koposa mwini thupi.

Wodwala anene ngati ali ndi nthenda ya shuga, ya kuthamanga kwa magazi, ya mtima, mphumu, khunyu kapena sickle cell. Abweretse mankhwala onse amene akumwa, kuphatikizapo ma ARV ndi a cifuwa cacikulu ca TB, ndipo asaleke kapena kupitiriza kumwa popanda kufunsa. Anene ngati mankhwala ena anamtupitsa kapena kumturutsa ziwengo. Anene ngati iye kapena mbale wace anabvutikapo pogonekedwa, pakuti pali zobvuta zina zimene ziyenda m'magazi a banja. Mai amene aganiza kuti waima anene. Mano ogwedera ndi oikirira aululidwe, ndipo mphete, makoza ndi mikanda zibvulidwe.

Pali zinthu ziwiri zimene anthu abisa kaamba ka manyazi. Coyamba ndi mowa ndi fodya. Munthu wozolowera kacasu angafune muyeso wosiyana wa mankhwala, ndipo angayambe kunjenjemera ndi kubwebweta pakapita masiku awiri kapena atatu asanamwe. Wokoka fodya abvutika ndi cifuwa pambuyo pa opaleshoni. Caciwiri ndi mankhwala a cikuda, maka-maka aja apatsidwa kwa mai wapakati kuti acire msanga. Mphamvu ya mizu iribe muyeso wodziwika, ndipo ina ifinya cibaliro mopitirira, ina ibvulaza impso kapena ciwindi. Wogonetsa safunsa kuti aweruze mlandu. Afuna kudziwa cimene ciri kale m'thupi asanaonjezepo cina.

Pomaliza pali pepala la cibvomerezo. Munthu wamkulu amene ali ndi maganizo ace ndiye mwini kubvomera, mwamuna kapena mkazi, posaina kapena podinda cala. Ali ndi ufulu wofunsa ndi kuyankhidwa m'cinenero cimene amva. Kukambirana ndi abale ndi mwambo wabwino, koma nkwanzeru kukambiranatu mimba ikali yaing'ono, kuti tsiku la bvuto pasakhale kudikira munthu amene ali kutali.

POUKA

Opaleshoni ikatha wodwala ayang'aniridwa kufikira atauka bwino, kenaka abwezedwa ku wodi. Mseru, kunjenjemera ndi mphepo, pakhosi pokanda kaamba ka kapaipi kaja, ndi kusinza-sinza ndi zinthu zozolowereka. Wolindirira asampatse madzi kapena cakudya anamwino asanalole. Amene waturutsidwa tsiku lomwelo asapalase njinga, asayendetse galimoto, asamwe mowa ndipo asakhale yekha kufikira tsiku lathunthu litapita.

Nchito ya abale ikula pa nthawi imeneyi. Kafukufuku wa odwala oposa 11,000 m'maiko 25 a mu Africa, amene anafalitsidwa mu 2018, anapeza kuti imfa zambiri za pambuyo pa opaleshoni sizinacitike pa tebulo ai, koma m'masiku otsatira. Anamwino ndi ocepa ndipo odwala ndi ambiri, tsono maso a wolindirira ndi ofunika. Aitane anamwino msanga akaona wodwala akupuma mobvutika kapena mwa patali-patali, akukana kudzuka pomgwedeza, nsaru za pabala kapena za pabedi zikunyowa ndi magazi, thupi lazizira ndi thukuta, latentha kwambiri, mimba ikutupa, kapena mkodzo waleka kuturuka. Pa zinthu izi kucita manyazi kapena kudikira kuti kuce ndi kulakwa.

ZIMENE DZIKO LACITA

Lipoti la akatswiri la mu 2015 linaonetsa kuti anthu 5 biliyoni, ndiko kuti pafupi-fupi asanu mwa anthu asanu ndi awiri ali onse pa dziko lapansi pa nthawiyo, analibe mwai wa opaleshoni yabwino ndi yosabvuta kulipira. M'caka comweco, pa msonkhano waukulu wa WHO ku Geneva, Zambia inali patsogolo pa maiko amene anabweretsa pangano lakuti opaleshoni ndi mankhwala ogonetsa ziwerengedwe monga mbali ya cithandizo ca zaumoyo coyenera kufikira munthu ali yense. Mu 2011 University of Zambia inayamba kuphunzitsa madotolo akatswiri a nchito yogonetsa pa cipatala cacikulu ca UTH mu Lusaka, ndipo mu 2017 Unduna wa Zaumoyo unaturutsa cikonzero ca dziko lonse ca nchito za opaleshoni, ubereki ndi kugonetsa odwala.

M'Cigawo ca Kum'mawa opaleshoni icitika pa cipatala cacikulu ca Chipata, pa St Francis ku Katete, pa Mwami ndi pa zipatala zina za m'maboma ndi za mishoni. Ulendo ukali wautali, pakuti ogonetsa odwala akali ocepa poyerekeza ndi ciwerengero ca anthu. Anyamata ndi atsikana amene akhoza bwino sukulu angacite bwino kuiganizira nchito imeneyi. Anthu athanzi nawonso angathandize popereka magazi, cifukwa botolo limodzi lingaombole mai amene akutaya magazi pobereka.

Palibe dotolo woona amene anganene kuti opaleshoni iribe ngozi konse. Ngozi iripo, monga iriponso pokwera basi kapena pooloka mtsinje nthawi ya dzinja. Koma kwa munthu wofika msanga, wonena zoona ndi wosunga lamulo la cakudya, ngozi ya mankhwala ogonetsa ndi yocepa kwambiri poilinganiza ndi ngozi ya nthenda yosiyidwa. Mdani wamkulu ndi kucedwa, ndipo makolo anacenjeza kale kuti zengerezu analinda kwaukwau. Mai wapakati amene anauzidwa ku sikelo kuti akacirire ku cipatala cacikulu, maka-maka amene anaberekapo kale mwa opaleshoni, apite kukadikirira komweko masiku ace asanakwane. Bambo amene ali ndi cotupa cotsika m'mphecepece apite cikali kubwerera cokha, asadikire tsiku limene cidzakana kubwerera. Mafumu, anyakwawa, alangizi ndi atsogoleri a mipingo awafotokozere anthu ao zimenezi pa misonkhano.